Chitsulo Chimene Chinakana Kupindika

Sharjah, 21 Okutobala 2007

Amake Ihsan,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi onse a pakhomopo. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija limene limandikumbutsa zaka zanga ndikamatuluka pansi pa galimoto. Ndikhulupirira kuti Idi munadya bwino. Ine ndinadyera pa galaja pompano, mpunga wa Gulzar, mnzanga wa ku Pakistani wowongola magalimoto ophwanyika uja, amene amathira tsabola ngati akulanga munthu.

Kalata yanu Siddig, mnzathu wotinyamulira makalata uja, wandipatsa pamodzi ndi zipatso za tende. Ndamva kuti akwawo kwa Muawia anabwera, ndipo mwagwirizana za Lachinayi, pa 21 Febuluwale. Mzere umenewo ndinauwerenga katatu. Ihsan amene ndinamusiya akulirira nsapato za kusukulu, lero akukwatiwa! Zaka zisanu ndi chimodzi osaponda kwathu si masewera. Mumuuze kuti dzanja limene lidzagwire dzanja la bambo a Muawia mu mzikiti pamaso pa shehe ndi langa, osati la Tigani. Mng'ono wangayo wandiimira pa maliro awiri ndi pa mkangano wa malire a munda. Pa ukwati wa mwana wanga ayi.

Ndalankhula kale ndi Haji Khalfan, mwini galaja. Pasipoti yanga ili m'dilowa mwawo monga mwa masiku onse. Anati, "Babikir, mwana wamkazi sakwatiwa chaka ndi chaka. Upita. Koma uyambe wandionera mwana wangayu, nyengo ya misala yake yafika."

Misalayo ndi iyi. Humaid, mzime wawo uja ndinamupeza ali ndi zaka khumi akundibisira masipanala, tsopano ndi bambo wandevu, akugwira ntchito mu ofesi ya kudoko. Anagula galimoto yakale ya ku Japani, n'kuchotsamo mipando yonse kusiya umodzi. Lachisanu akachoka ku swala ku mzikiti amapita ndi anzake ku bwalo la mpikisano kuchipululu kukazungulira. Salipidwa, amachita kulipira iwowo. Ine ndinakulira pa malole onyamula anyezi kuchoka kwathu ku Shendi mpaka kunyanja, ndiye galimoto yothamanga masana onse n'kukaima pomwe inanyamukira sindiimvetsa. Koma ntchito ndi ntchito. Injini amakonza wina. Langa ndi gawo lakumbuyo: masipuling'i, mashoko, mabushi ndi zitsulo zogwira matayala. Haji mpikisanowu amadana nawo, koma mwana wa muukalamba mumamudziwa, akalira amapatsidwa.

Ndatumiza madirihamu 900. Mugule simenti, khoma la kumsewu lipakidwe alendo asanabwere. Mmisiri wa Tigani uja musamutenge, amathira mchenga ngati simenti ndi mankhwala a m'maso. Shuga musagule tsopano, nyerere zingatithere ukwati usanafike.

Mwamuna wanu,
Babikir

Sharjah, 18 Novembala 2007

Amake Ihsan,

Ndakupatsani moni, ndipo ndapempha Mulungu kuti kalatayi ikupezeni muli amphamvu. Za chifuwa chanu mwangozidutsa ndi mzere umodzi ngati nkhani ya mbuzi ya eni. Pitani kuchipatala, musadikire kudzatsokomola pamaso pa asewere. Kuno kutentha kwagwa, tayamba kugona osayatsa fani.

Mwafunsa za nsalu ya mkwatibwi. Yabwino ikuyambira madirihamu 350. Ine ndapeza ya 280 kwa Mmwenye wina nditamuopseza kuti ndilowa m'sitolo ya mnzake. Yofiira, monga munanenera. Mafuta onunkhira ndigula mwezi wa mawa. Nkhosa musagule pano, Idi yaikulu ili pafupi ndipo ogulitsa apenga. Mudikire Januwale.

Galimoto ya Humaid yandisautsa. Kumbuyo kwake tayala lililonse limagwiridwa ndi mkono wachitsulo, ndipo mkonowo umamangidwa ndi bawuti kunsi kwa thupi la galimoto. Ndi wopyapyala, mutakwiya mungaupinde pabondo. M'makona a bwalo lawo anaika tiziunda ta simenti m'mphepete, ndipo mnyamatayu pofuna kudula njira amatikwera ndi liwiro lonse. Akamabwerako mkono wapindika, tayala layang'ana kumbali, ladyeka mkati. Mwezi uno wokha ndasintha kawiri.

"Amalume," amatero, "kumbuyoku kukundithawa. Ndikakhota, mutu ukupita kumene ndikufuna, matako akupita kwawo."

"Uwafunse kwawoko n'kuti," ndinatero ine. "Iwe ukuyendetsa ngati akukuthamangitsa apongozi."

Anaseka, koma ine nkhaniyo inandikhala. Ndinakumbukira malemu bambo anga. Ku Shendi lole ikabwera yatsopano kuchoka kwa Azungu sitinkaisenzetsa katundu tisanaikonze. Tinkawonjezera masamba a sipuling'i, kuphatikiza zitsulo pa tchesisi, mpaka yonyamula matani asanu izinyamula khumi. Chimene chapindika umachiumitsa. Ndi mmene tinaphunzirira, ndipo malole amenewo akuyendabe eni ake ali kumanda. Choncho ndinadula chitsulo chokhuthala ngati chala changa chaching'ono, n'kuchiwotcherera kunsi kwa mikono yonse iwiri kuchokera nsonga mpaka nsonga. Msoko wake mukanauona, amake Ihsan, ngati wa telala.

Gulzar anaima pambali akumwa tiyi wake.

"Msudani, ukuganiza kuti Mjapani chitsulo chinamuthera? Anachipanga chopyapyala dala."

"Anachipanga kuti azikugulitsa china mwezi ndi mwezi. Bwerera ku nyundo yako."

"Nanga chiunda chikamenya, nkhonyayo ipita kuti?"

"Ibwerera kwa chiundacho. Ukadzakhala ndi lole imodzi yokha imene inawoloka chipululu ndi dzanja lako, udzandiphunzitse."

Anangopukusa mutu n'kumapita. Munthu wabwino, koma zonse amaziona zitaphwanyika kale, ndiye ntchito yake.

Mumuuze Ihsan kuti kukwatiwa si chifukwa chosiyira maphunziro a uphunzitsi. Muawia ndi mphunzitsi iyenso, azimvetsa. Akapanda kumvetsa ndidzamumvetsa ine ndikafika.

Mwamuna wanu,
Babikir

Sharjah, 16 Disembala 2007

Amake Ihsan,

Mtendere ndi madalitso. Ndakondwa kuti chifuwa chapola, ngakhale mukuti chapola ndi uchi osati ndi mapiritsi. Sindikutsutsani, bola chapola. Idi yaikulu mudye bwino, ndipo mwendo umodzi wa nkhosa mupereke kwa amayi amasiye aja a kuseri kwathu monga timachitira.

Lero ndili ndi nkhani yabwino, mundilole ndidzitame pang'ono. Mikono ija sinapindikenso. Lachisanu lapitalo Humaid anakhala wachitatu pa magalimoto khumi ndi anayi, iye amene ankabwera kumapeto ngati mbuzi yotsimphina. Anamupatsa kachikho kopaka golide, mkati n'pulasitiki. Anabwera nako ku galaja n'kukaika pa bokosi langa la zipangizo bambo ake akuona.

"Ichi si changa, n'cha amalume. Ine ndinangokhala pampando."

Haji, amene samwetulira ngakhale pa Idi, anandigwira paphewa. "Babikir, manja akowa Mulungu anawadalitsa." Ndinayang'ana pansi ngati mkamwini, koma mumtima ndinatupa. Ndinkafuna bambo anga akanamva kuti nzeru ya malole a anyezi yagonjetsa mabuku a Ajapani.

Anzake awiri abweretsa magalimoto awo, amtundu womwewo. Wina ndi Marwan wa konkuno, wina ndi Jassim wokhala ku Al Ain, mnyamata wapakamwa, mkazi wake ali ndi pakati poyamba. Onse ndawawotcherera m'masiku atatu. Kubwaloko ayamba kunena kuti "mkono wa Msudani." Gulzar akuti ndigule chipewa chachikulu chifukwa mutu wakula.

Kanthu kamodzi kokha. Humaid akuti akumva kagogodo kumbuyo akamakhotera kumanja. Ndatsitsa galimoto pa jeke, ndamanga mabawuti onse itaima pa matayala ake monga ziyenera kukhalira, ndasintha mabushi, ndagwedeza tayala ndi manja awiri. Palibe chogwedera. Mwina ndi makutu a mwana, munthu akayamba kupambana amamva zambiri.

Tsopano tcherani khutu. Haji agula tikiti ndi ndalama zawo. Ndinyamuka Lachinayi pa 7 Febuluwale, ndigona ku Khartoum kwa msuweni wanu, Loweruka ndili pakhomo. Pafupifupi masabata awiri ukwati usanafike! Musatume aliyense kudzandichingamira, njira ya kwathu sindinaiiwale. Pa mndandanda wa oitanidwa muwonjezere nkhalamba zimene zatsala za ku galaja ya bambo. Zilibe mano koma nyama zimaidziwa.

Ndagula mafuta onunkhira, nsapato za Ihsan, ndi china chanu chimene sindikuuzani. Khofi kuno wakwera, mugule komweko.

Mwamuna wanu,
Babikir

Sharjah, 22 Januwale 2008

Amake Ihsan,

Mtendere. Ine m'thupi ndili bwino, musade nkhawa ndi kufupika kwa kalatayi.

Humaid ali m'chipatala. Zinachitika Lachisanu, dzuwa lili pamutu. Ndinali nditaima pa mpanda ndi choyezera mpweya wa matayala m'manja. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi, pa khona lalitali limene amadutsa osachepetsa liwiro, galimoto inangotembenuka yokha n'kukamenya khoma chakumbuyo. Phokoso lake sindilemba. Anachita kudula chitseko kuti amutulutse.

Ali moyo, Mulungu atamandike. Msana wathyoka cha m'chiuno, amumanga ndi zitsulo. Miyendo sakuimva. Madokotala akuti tidikire, ndipo ndikawafunsa kuti mpaka liti amayang'ana mapepala awo.

Onse akuti analowa pakhonapo ndi liwiro loposa. Iyenso akutero. Nditalowa kukamuona anandiyang'ana ndi maso otupa n'kunena, "Amalume, pepani, ndakuphwanyirani ntchito yanu." Ndinamugwira phazi, ndipo sanadziwe kuti ndamugwira.

Potuluka ndinapeza Haji pa benchi m'khonde. M'masiku anayi akalamba zaka khumi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa pasipoti yanga.

"Tenga. Ndinalonjeza. Wanga wagona, wako asadikire."

"Haji, ino si nthawi yake."

"Tenga, Babikir, ndisanaiwale. Mutu wanga sukugwira."

Ili m'thumba mwanga tsopano. Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzavina.

Galimotoyo anaikoka, ili kuseri kwa galaja, yofunditsidwa lona. Sindinaivundukule. Pali malo amodzi amene ndiyenera kuyang'ana, ndipo tsiku lililonse ndimapeza ntchito ina yoyamba kuchita.

Zokonzekera zipitirire. Nkhosa zatsika mtengo tsopano, mugule zinayi, Tigani akaziyang'ane mano. Ihsan musamuuze zambiri, mungoti mwana wa abwana wavulala ndipo amupempherere.

Babikir

Sharjah, 2 Febuluwale 2008

Amake Ihsan,

Mtendere ukhale nanu. Kalatayi muwerenge muli nokha.

Lachinayi m'mawa ndinavundukula lona. Kumbuyo konse kwaphwanyika ngati chitini chopondedwa ndi ngamila. Shoko yathyoka, sipuling'i inathawa, tayala lang'ambika. Koma mkono wanga uli chilili, wowongoka ngati tsiku limene ndinauwotcherera. Chimene chinazuka ndi pamene mkonowo umamangidwa ku thupi la galimoto. Bawuti inachoka ndi chibenthu cha thupilo.

Wina aliyense akanati khoma ndi limene linazula. Koma chitsulo ndimachiwerenga kuposa kalata. Chikang'ambika lero, pong'ambikapo pamawala. Chikakhala ndi mng'alu wakale, pamada ndi fumbi ndi mafuta. Amake Ihsan, magawo atatu mwa anayi anali akuda. Mng'aluwo unayamba kale, unkakula Lachisanu lililonse kunsi kwa phula limene amapaka pansi pa galimoto. Ndiye kagogodo kaja. Mkono wopyapyala uja unkapindika kuti ulandire nkhonya ya chiunda, n'kutayidwa, thupi n'kutsala lamoyo. Ine ndinauumitsa, nkhonya n'kumapitirira kukagwera pamene sindinkayang'ana. Tayala linazuka asanamenye khoma. Mwanayo sanalakwitse pakhona paja. Ndine.

Safunsa anadya phula, koma ine anachita kundiuza ndipo ndinamutuma ku nyundo yake. Gulzar anandipeza nditagwada pamenepo. Anayang'ana, anadutsitsa chala pakudapo, kenako anabweza lona bwinobwino.

"Ine sindinaone kanthu, Msudani. Wogula zitsulo zakutha abwera Lolemba. Ndege yako ndi Lachinayi."

Akanakhala Humaid yekha, Mulungu andikhululukire, mwina ndikanamvera. Koma pali magalimoto ena awiri, ndipo mpikisano wotsatira ndi Lachisanu pa 8, mawa lake la ulendo wanga. Marwan ndinamuimbira kuti ndikufuna kuona kumbuyo kwake, anabweretsa osafunsa, ndamubwezera mikono ya kusitolo. Jassim anandiseka.

"Amalume, akutumani kuti mundichedwetse? Mkono wanuwu wandichotsera masekondi awiri. Ngakhale mkazi wanga saukhudza!"

"Mwanangu, bweretsa ndiuone basi."

"Kuchoka ku Al Ain? Mundiuze chifukwa, apo ayi tionana kubwalo."

Ndinakhala ndi foni kukhutu, chifukwacho chili pakamwa koma chosatuluka. Ndikamuuza Jassim m'mawa, pofika swala ya masana Haji amva. Ndipo mukudziwa mmene zimakhalira kuno ndi mlendo amene dzanja lake lavulaza mwana wa mwini dziko.

Sindikukufunsani chochita, yankho lanu lingafike zonse zitatha. Ndangofuna kuti pakhale munthu mmodzi wodziwa amene sanganene kuti sanaone kanthu. Chakudya sichikulowa. Sutikesi ndalongedza kale, ili pakhomo.

Ngati khoma lauma, mulipake laimu.

Babikir

Sharjah, 6 Febuluwale 2008

Amake Ihsan,

Mtendere ukhale nanu, ndipo Mulungu akupatseni mtima waukulu. Sutikesi imene yabwera ndi kalatayi wanyamula ndi Siddig. Ine sindibwera.

Lolemba m'mawa, lole ya wogula zitsulo isanafike, ndinadula chibenthu chija n'kupita nacho ku ofesi ya Haji. Ndinachiika patebulo pafupi ndi kapu yawo ya khofi. Ndinawaonetsa pakuda ndi powala. Haji anagwirapo sipanala ali mnyamata, sindinafunike kunena kawiri.

"Wandiuza kuti mwana wanga sanathamange mopusa."

"Sanathamange mopusa, Haji."

"Masabata awiri wakhala akundipepesa. Amake akumukalipira ali chigonere."

"Ndi ine, Haji. Ndinaumitsa chimene chinkayenera kupindika."

"Wadziwa liti?"

"Lachinayi."

"Lero ndi Lolemba."

Anakhala akutembenuza chibenthucho m'manja. Kenako anatambasula dzanja lamanja. Ine kupusa, ndinaganiza kuti akundipatsa moni wa chikhululuko, ndinayamba kutambasula langa. Dzanja lawo linali lotseguka, chikhatho choyang'ana kumwamba. Ndinapisa m'thumba n'kuikamo pasipoti. Anaiika m'dilowa n'kukhoma.

"Kupolisi sindipita. Zaka khumi ndi zinayi wadya m'nyumba mwanga, sindingakumangitse. Malipiro ako uzilandira. Koma mvera, Babikir. Udzapita kwanu tsiku limene mwana wanga adzayende."

Sindinawapemphe. Ndikanapempha ndi pakamwa pati?

Jassim ndinamuimbira ndili pakhomo pa ofesiyo. Ulendo uno sanaseke. Galimoto inafika dzulo pa ngolo yokoka. Ndinapala phula pamalo paja iye ataima pambali panga. Kumanzere kuli mng'alu wotalika ngati chala changa chapakati, kumanja wayamba kumene. Mnyamata wapakamwa uja anakhala pansi pa simenti ndi mkanjo wake woyera. Lachisanu sathamanga.

Tsopano za ukwati. Tsiku lisasinthe. Tigani andiimire mu mzikiti. Mumuuze kuti mkulu wake amene anati "ayi" uja wachita kumupempha. Avale mkanjo watsopano umene uli pamwamba m'sutikesimo, ndinasokera ine koma msinkhu wathu ndi umodzi. Nsalu yofiira ili pansi penipeni, ndaikulunga m'thawulo. Mabotolo a mafuta ali m'nsapato kuti asasweke. Kabokosi kobiriwira n'kanu, ndolo zimene ndinati sindikuuzani. Muzivale, musazisunge podikira ine.

Ihsan musamunamize. Musanene kuti abwana ndi ouma mtima, kapena kuti ndege yavuta. Mumuuze mmene ndalembera: bambo ake analakwitsa pa ntchito, mwana wa eni wapuwala, ndipo akanakhala chete wina akanafa. Akakwiya musamuletse, ali ndi chifukwa. Ndamukhumudwitsa pa tsiku limodzi lokha limene anandipempha m'moyo wake wonse, ndipo zikundiwawa kuposa mmene ndingalembere.

Pa 21 ndipempha kuti ndisagwire ntchito. Nthawi yomanga ukwati ndidzakhala mu mzikiti wa kuno.

Mwamuna wanu,
Babikir

Sharjah, 9 Malichi 2008

Amake Ihsan,

Mtendere ukhale nanu, ndi kwa ana athu awiri, popeza tsopano Muawia naye ndi wathu. Ine ndili bwino. Bondo ndi lomwe lija.

Zithunzi zafika. Ndaziyala pa bedi ndipo Gulzar wazionera limodzi nane, akulira kuposa ine, munthu amene Ihsan sanamuonepo. Mwana wathu wafanana ndi inu tsiku lija ndinakuonani koyamba pa chitsime cha azakhali anu. Tigani mkanjo unamukhala bwino, ngakhale waima ngati wameza ndodo. Ndolo mwavala, ndaona. Ndaonanso kuti Ihsan sanalembe mzere wake pansi pa kalata yanu monga ankachitira. Musamukakamize.

Mawu anu ndawamva, ndipo simunandinyengerere. Mukuti ndikanakwera ndege, n'kumuimbira Jassim ndili ku Khartoum, onse akanapulumuka ndipo ine ndikanakhala pa ukwati. Musaganize kuti sindinaziganizire. Ndinaziganizira masiku anayi, ndiwo masiku amene Haji anandiwerengera aja. Mnyamata amene anandiseka ndili pafupi, mwina akanamvera foni ya munthu wothawa, mwina ayi, ndipo "mwina" ameneyo pa moyo wa munthu sindinafune kumunyamula. Koma ndisakunamizeni kuti n'chokhacho. Bambo uja anandipatsa pasipoti m'khonde la chipatala mwana wake ali chigonere mkati. Ndikanatenga dzanja lomwelo limene linailandira n'kukaliika m'dzanja la bambo a Muawia pamaso pa Mulungu. Sindikanatha. Mwina ndinalakwa kwa inu, ndipo ngati n'choncho mundikhululukire pamene mungathe.

Humaid anakana kundiona masabata atatu. Ndinkapita, namwino n'kundibweza pakhomo. Kenako tsiku lina masana anatuma uthenga. Ndinamupeza atamukhazika pa mpando wamatayala pafupi ndi zenera, wawonda, ndevu zamera paliponse.

"Amalume, khalani pansi, mukunditopetsa khosi."

Ndinakhala. Ndinayamba mawu amene ndinakonza, anandidula.

"Ndinakutukwanani kale, simunalipo, zatha. Chitsulo munaumitsa ndinu. Tiziunda ndinkakwera ndine, ndipo kagogodo ndinkakamva koma sindinasiye kuthamanga. Tigawane."

"Sitingagawane, mwanangu. Miyendo ndi yako."

"Ukwati unali wanu. Bambo ndawapempha katatu kuti akumasuleni. Akuti mawu awo sabweza. Mukuwadziwa." Anayang'ana miyendo yake. "Ndiye mwandipatsa ntchito, eti? Ndiyenera kudzuka kuti nkhalamba ipite kwawo."

Anaseka, ine sindinathe.

Chiyambire tsiku limenelo ndimapita masana alionse ndikaweruka. Dokotala wa mafupa anandionetsa kagwiridwe kake. Ndimanyamula mwendo, kupinda bondo, kuwongola, makumi atatu uku, makumi atatu uku, Humaid akundinena kuti manja anga ndi okhakhala ngati chikopa cha ng'ona. Nthawi zina Haji amatipeza. Amaima pakhomo, samandilankhula, koma sandithamangitsa. Za magalimoto a mpikisano ndasiya. Marwan anabwera kuti ndimuikire masipuling'i atsopano, ndinamutumiza kwa wina.

Ndatumiza madirihamu 700. Mazana awiri mupatse Ihsan, musanene kuti ndi opepesera, mungoti ndi a mabuku. Denga la khitchini likonzedwe mvula isanabwere.

Mwandipempha tsiku loti muziuza anthu. Ndilibe, amake Ihsan. Madokotala nawonso alibe. Ena akuti chaka, ena akuti tisayembekezere. Koma Lachinayi, ndikupinda mwendo wamanzere, chala chachikulu chinagwedezeka. Kamodzi kokha. Dokotala akuti tisafulumire kukondwa, nthawi zina minyewa imachita zokha. Humaid akulumbira kuti anachituma ndiye. Ine ndinachimva m'chikhatho mwanga, ndipo ndasankha kukhulupirira mwanayo.

Anthu akafunsa kuti a Babikir abwera liti, muwauze kuti anyamuka kale, koma ulendo wawo ndi wa miyendo ya munthu wina, ndipo pakali pano wafika pa chala chimodzi.

Ndine mwamuna wanu, wodikira limodzi nanu,
Babikir